N'chifukwa chiyani tisitima tofanana ndi sitima zathu sitioneka m'magazini?

Mu Sepitembala 2024, sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira itafika pa Marka, nkhani ya njanji inadzukanso m'chigwa chonse cha Shire. Ankaikamba a kabaza, ankaikamba amayi pa msika wa Bangula, ngakhale pa siwa inkalowapo. M'masiku omwewo ndinatsegula bokosi lachitsulo limene anandisiyira malemu malume anga, omwe anagwira ntchito yokonza njanji kwa zaka zambiri. Pansi pa makalata awo panali mulu wa magazini akale a ku America ndi ku England, okamba za tisitima ting'onoting'ono timene anthu akuluakulu amapanga ndi kuyendetsa m'nyumba zawo. Masamba ena anamatana ndi chinyezi, ena chiswe chinadya m'mbali, koma zithunzi zikuonekabe bwino.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 2, anakhala pakhonde masana onse akuvundukula tsamba ndi tsamba. Dzuwa litapendeka anabwera ndi mafunso awiri. "Malume, zilembo izi za HO, N ndi S zikutanthauza chiyani? Ndipo muli sitima za mayiko onsewa, nanga yathu ija ili pati?"

Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, ndipo si mnyamatayu yekha amene amafunsa. Kunja kuno kuli anthu amene akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti msinkhu wa tisitima umene iwo amakonda suoneka m'magazini akuluakulu. Akonzi a magaziniwo nawonso ali ndi poyankhira. Kuti timvetse mkanganowu, ndi malo athu m'katimo, tiyenera kuyamba tamasula mawu awiri amene amasokoneza aliyense woyamba kumene: sikelo ndi geji.

Tisitima timeneti

Tonse tinakula tikupinda mawaya kupanga galimoto, kapena kuumba ng'ombe zadothi m'mbali mwa Shire. Mwana waluso ankadziwika ndi kufananitsa: galimoto yake ukaiona umadziwa kuti iyi ndi lole ya nzimbe, iyi ndi basi. Ntchito ya tisitima toyerekeza ndi luso lomwelo, kungoti lapita patali. Wopanga amafuna kuti chilichonse, kuyambira mutu wa sitima, mabogi, siteshoni, mlatho, mitengo mpaka anthu oima papulatifomu, chichepetsedwe mofanana ndendende, ndipo kasitimako kaziyenda ndi magetsi odutsa m'tinjanji take. Ambiri amene amachita zimenezi ndi akuluakulu, ndipo ena amatha zaka khumi akumanga dera limodzi.

Kampani ya Märklin ya ku Germany ndi imene inayamba, mu 1891, kugulitsa tinjanji ta miyeso yokhazikika, kuti munthu akagula kasitima chaka chino adzathe kuwonjezera mabogi ndi njanji chaka chamawa n'kugwirizana. Kuchokera pamenepo nkhani ya miyeso inakhala mutu wa zonse.

Sikelo

Amene anaphunzira mapu kusukulu akukumbukira kuti pansi pa mapu amalemba kuti sentimita imodzi ikuimira makilomita akutiakuti. Sikelo ya tisitima ndi yomweyo. Akati 1:87, ndiye kuti chinthu chenicheni chachepetsedwa ka 87. Munthu wamtali mamita 1.7 amasanduka kachidole ka mamilimita pafupifupi 20, kofanana ndi mbewu ziwiri za chimanga mutazilumikiza.

Sikelo iliyonse inapatsidwa chilembo. O ndi yaikulu, 1:48 ku America ndi 1:43.5 ku Britain. HO ndi 1:87, ndipo dzinalo limatanthauza theka la O. Imeneyi ndiyo yofala kwambiri padziko lonse. A ku Britain ali ndi yawoyawo, OO, ya 1:76. N ndi 1:160 m'mayiko ambiri, ndipo imakondedwa ndi anthu a nyumba zothina. Z, imene Märklin inatulutsa mu 1972, ndi 1:220: mutu wa sitima umakwana pa chala. Pakati pa zikuluzikuluzi pali ziwiri zimene nkhani ino ikuzungulirapo. S ndi 1:64, ili pakati pa O ndi HO. TT ndi 1:120, ili pakati pa HO ndi N.

Ngati munaonapo tigalimoto tachitsulo ta Hot Wheels m'masitolo a ku Blantyre, msinkhu wake uli cha pa 1:64 pomwepo. Bogi ya katundu ya mamita 12 imatalika masentimita pafupifupi 19 pa sikelo ya S, 14 pa HO, ndi 10 pa TT. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma m'manja n'kwakukulu. Pa S munthu amatha kudula chitseko cha bogi ndi lezala n'kuchimata osafuna galasi lokuzira zinthu.

Geji, ndi njanji ya kwathu

Geji ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, kuyeza kuchokera m'kati mwa chitsulo china kufika m'kati mwa chinzake. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti sikelo ndi geji n'chimodzi. Sikelo ikunena za kukula kwa thupi lonse la sitima. Geji ikunena za kutalikirana kwa mawilo ake basi. Anthu awiri akhoza kukhala ofanana msinkhu koma wina n'kumayenda motangadza kuposa mnzake.

Njanji zambiri za ku Europe, ku North America ndi ku China zili ndi mpata wa mamilimita 1,435. Yathu si choncho. Ndinatenga tepi ya telala n'kupita ndi mnyamata uja pa njanji yakale ya pa Bangula, m'mawa dzuwa lisanatenthe zitsulo. Tinakankha mchenga ndi udzu, iye anagwira mbali ina, ine mbali ina, ndipo tepi inaima pa masentimita 106 ndi kachidutswa. Muyeso wake weniweni ndi mamilimita 1,067, kapena mapazi atatu ndi mainchesi 6. Umatchedwa geji ya Cape chifukwa boma la atsamunda la ku Cape linausankha mu 1873, poona kuti njanji yopapatiza imakhota msanga m'mapiri ndiponso siidya ndalama zambiri poimanga. Kuchokera kumeneko muyesowo unakwera kumpoto: Zimbabwe, Zambia, Botswana, Mozambique, Malawi, ndi njanji ya TAZARA yomwe. Kutali nako ulipo: njanji zambiri za ku Japan, za ku New Zealand, za ku Indonesia, ndi za m'zigawo za Queensland, Western Australia ndi Tasmania ku Australia.

Njanji ya dziko lino inayambira m'chigwa mwathu muno, ndipo izi ana ambiri sazidziwa. Kale katundu ankabwera pa sitima za pamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, koma madzi akachepa sitimazo zinkatitimira mumchenga. Choncho kampani ya Shire Highlands Railway inamanga njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kudutsa pa Chiromo, kukwera motsata mtsinje wa Ruo mpaka ku Blantyre, ndipo inatsegulidwa mu 1908. Patapita zaka zochepa inatalikitsidwa kummwera kukafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yochokera ku Beira inafika tsidya linalo la mtsinjewo, koma katundu ankaolokabe pamadzi mpaka mu 1935, pamene mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, unamalizidwa. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980. Madzi osefukira a 1997 anang'amba mtunda wa njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene tonse timawadziwa kuti Mtayamoyo. Sitima ya anthu yochokera ku Limbe inkatsikirabe mpaka pa Makhanga, kufikira madzi a 2015 atawononganso njirayo. Ntchito imene ikukambidwa masiku ano ndi yokonza makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa munthu wofuna kupanga njanji yoyerekeza sasowa chojambula kuno: mlatho wa pa Chiromo pamene Ruo amakumana ndi Shire, migwalangwa ndi malambe m'mbali mwa njira, mabelo a thonje pasiteshoni, amayi ogulitsa nsomba zouma pawindo la bogi. Zonsezi zinayenda pa mpata wa 1,067.

Pamene sikelo ndi geji zimakumana

Tsopano tengani tinjanji ta HO, timene timapezeka m'sitolo iliyonse ya zinthuzi padziko. Mpata wake ndi mamilimita 16.5. Mukachulukitsa ndi 87 mupeza pafupifupi 1,435, ndiye kuti tinjanjiti tikuimira bwino njanji yotakata ya ku Europe ndi ku America. Mukaikapo sitima ya kwathu yochepetsedwa ka 87, mawilo ake adzatangadza kuposa mmene alili, ndipo munthu wodziwa adzaona kuti sitimayo yataya maonekedwe ake. Sitima za geji ya Cape zili ndi thupi lalikulu lokhala pa njanji yopapatiza, thupilo n'kusefukira mbali zonse ziwiri. Chimenecho ndicho chizindikiro chake.

Pali njira zitatu zokonzera vutoli, ndipo yoyamba ndi imene ine ndimaikonda. Mukasiya tinjanji ta 16.5 mmene tilili, koma thupi la sitima n'kulikuza kufika pa 1:64, masamu amakhala bwino: 16.5 kuchulukitsa ndi 64 ndi 1,056, kupereweza mamilimita 11 okha pa njanji yeniyeni. Diso silingaone. Msinkhu umenewu umalembedwa Sn3½: S ndi sikelo, n akuimira njanji yopapatiza, 3½ ndi mapazi atatu ndi theka aja. Ubwino wake ndi woti tinjanji, mawilo ndi timainjini ta magetsi mumagula ta HO timene tili paliponse, inu n'kupanga thupi lokha. Ku New Zealand uwu ndiwo msinkhu umene anthu opanga sitima za dziko lawo akhala akuugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo ku Australia uliponso.

Njira yachiwiri ndi kusunga 1:87 koma kuyendetsa pa tinjanji ta mamilimita 12. Yachitatu ndi 1:120 pa tinjanji ta N ta mamilimita 9, imene a ku New Zealand amaitcha NZ120. Palinso ena amene sasamala za mpatawo: kampani ya Lima ya ku Italy inapangapo sitima za ku South Africa pa 1:87 zoyenda pa 16.5, ndipo anthu anagula n'kusangalala nazo. Ku Japan tisitima ta N tambiri ndi 1:150 pa mamilimita 9, mpata wotakata kuposa woyenera, koma msika wake ndi waukulu zedi.

Choncho yankho loyamba kwa mnyamata uja ndi ili: msinkhu woyenerana ndi njanji yathu ndi kachigawo kakang'ono ka sikelo ya S, imene nayonso ndi yaing'ono kale pamsika.

Mmene S inachepera

S sinali yaing'ono chiyambire. Dzinalo linakhazikitsidwa mu 1943 ndi National Model Railroad Association, bungwe loona za miyeso limene linayamba mu 1935 ku Milwaukee. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kampani ya A. C. Gilbert inkagulitsa tisitima ta American Flyer pa sikelo ya S m'nyumba zambirimbiri za ku America, molimbana ndi Lionel imene inkapanga ta O. Koma kampani ya Gilbert inagwa, ndipo mu 1967 dzina la American Flyer linagulidwa ndi Lionel. Pa nthawiyo HO inali itatenga kale msika: inali yotchipa, yokwana m'chipinda chaching'ono, ndipo makampani ambiri ankaipanga. Amene anatsala pa S anakhala anthu odzipangira okha zinthu, ndi makampani ang'onoang'ono a munthu mmodzi kapena awiri.

TT inayenda njira ina imene ikutiphunzitsa zambiri. Inayambira ku America cha m'ma 1945, m'manja mwa Hal Joyce, koma kwawoko inazimirira N itabwera. Kumene inamera mizu ndi ku East Germany ndi mayiko oyandikana nako, chifukwa kunali fakitale imene inkaipanga mosalekeza, ndipo mpaka lero kampani ya Tillig ikupitiriza. Ku Britain kampani ya Tri-ang inatulutsa TT yakeyake, yokulirapo pang'ono, mu 1957, n'kuisiya patangopita zaka zochepa. Otsalira anayambitsa bungwe la 3mm Society mu 1965 kuti azithandizana. Kenako mu 2022 makampani a Peco ndi Hornby analengeza kuti ayamba kupanga za 1:120, ndipo msinkhu umene kwa zaka makumi ambiri sunkatchulidwa ku Britain unayamba kuoneka m'magazini mwezi ndi mwezi. Sikeloyo sinasinthe. Chinasintha n'choti tsopano kunali katundu m'masitolo.

Mmene magazini imasankhira nkhani

Magazini akuluakulu a ntchitoyi ndi akale kuposa agogo athu ambiri. Railroad Model Craftsman inayamba mu 1933 ndi dzina loti The Model Craftsman. Model Railroader inayamba mu Januwale 1934, woyambitsa wake ndi Al Kalmbach. Ku Britain, Railway Modeller inayamba mu 1949, ndipo kuyambira kumayambiriro a zaka za m'ma 1950 imasindikizidwa ndi Peco, kampani yomwe ija yopanga tinjanji. Peco ilinso ndi Continental Modeller, yokamba za njanji za kunja kwa Britain; ngati pali magazini yaikulu imene sitima za ku Africa zingapezemo malo mosavuta, ndi imeneyi.

Magazini yotere imadalira zinthu zitatu: ogula, otsatsa malonda, ndi anthu otumiza nkhani. Chilichonse mwa zitatuzi chimakokera ku sikelo zofala.

Ganizirani za njinga. Wa sitolo ya zipangizo za njinga pa Nchalo amaoda matayala, masipoko ndi matcheni a njinga zimene a kabaza ali nazo. Mnyamata wofuna kuyamba kabaza amagula njinga imene akudziwa kuti tayala lake akalipeza pa sitoloyo. Wina akabwera ndi njinga yabwino ya muyeso wachilendo, amayenda misika itatu osapeza chubu, ndipo mnzake akaona mavutowo sagula yotere. Palibe amene anapangana kuti aikane njingayo. Wa sitolo akutsata ogula, ogula akutsata wa sitolo. Zimenezi ndi zimene zimachitikira S ndi zinzake. Makampani akuluakulu amapanga HO, OO ndi N chifukwa chikombole chopangira mutu umodzi wa sitima chimadya ndalama zambiri, ndipo ndalamazo zimabwerera pokhapokha agulitse zikwizikwi. Makampani omwewo ndiwo amagula masamba otsatsira malonda, ndiponso amatumiza katundu watsopano kuti magazini imuyese n'kulembapo. Munthu woyamba kumene akatsegula magazini amaona HO tsamba ndi tsamba, n'kugula HO. Patapita zaka, iye yemweyo amatumiza zithunzi za ntchito yake, ndipo ndi za HO.

Mfundo yomalizayi ndi imene anthu akunja kwa ntchitoyi saidziwa. Nkhani zambiri za m'magaziniwa salemba ndi olembedwa ntchito pakampani. Amalemba ndi owerenga eniake amene amamanga kunyumba, kujambula, n'kutumiza. Zili ngati pulogalamu ya moni pa wailesi: muulutsi amawerenga makalata amene afika. Mudzi umene sulemba sumveka, ngakhale muulutsiyo alibe nawo chifukwa.

Apa m'pamene mbali ziwiri zimasiyana. Akonzi amati amasindikiza zabwino zimene alandira, ndipo kuchokera ku sikelo zazing'ono pamsika, monga S ndi TT, amalandira zochepa. Amatinso nkhani zambiri sizisankha sikelo: kupanga phiri, kupaka utoto wa dzimbiri pa bogi, kulumikiza mawaya a magetsi, zonsezi munthu wa S angaphunzire pa chithunzi cha HO. Ndipo chikuto chiyenera kukopa ogula ambiri, apo ayi magaziniyo itsekedwa ndipo onse ataya.

A sikelo zazing'ono amayankha kuti kuwerenga mitu ya anthu n'kugawa masamba motsata chiwerengerocho kumangolimbitsa zimene zilipo kale. Munthu sangasankhe chimene sanachionepo. Amati magazini siingoonetsa msika, imaupanganso, ndipo mkonzi atafuna akhoza kunyamuka kukafunafuna ntchito yabwino ya S m'malo modikira kuti ifike pa tebulo. Enanso amadandaula kuti S ikatchulidwa, anthu amangoganiza za tisitima takale ta American Flyer tosewera ana, osadziwa kuti pali ena amene amapanga zofanana ndendende ndi sitima zenizeni.

Ine ndikaona mbali zonse ziwiri, sindipeza wonama. Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndinachiona ndi maso m'mulu wa malume uja: chithunzi chojambulidwa bwino sichiulula sikelo. Pali zithunzi zimene ndinazitenga ngati za HO, nditawerenga mawu a m'munsi ndinapeza kuti ndi za O. Ndiye kuti sikelo yaing'ono ikhoza kupezeka m'magazini koma wowerenga wongovundukula osaizindikira, ndipo kuoneka kumene eniake akufuna si chithunzi chokha ayi. Akufuna dzina la sikelo yawo lilembedwe poonekera, ndi pogula zipangizo zake patchulidwe.

Kumene ang'onoang'ono amakumanira

Atatopa kudikira, a sikelo zazing'ono anayambitsa zawozawo. Ku America bungwe la National Association of S Gaugers limatulutsa magazini ya mamembala yotchedwa The Dispatch. Okonda njanji zopapatiza ali ndi Narrow Gauge and Short Line Gazette kuyambira mu 1975. Ku New Zealand kuli New Zealand Model Railway Journal, mmene sitima za 1,067 si zachilendo koma ndizo nkhani yeniyeni. Ubwino wa magazini otere ndi kuzama. Kuipa kwake n'koti amawerengedwa ndi anthu amene analowa kale. Mwana woyamba kumene sawapeza pa shelefu.

Magazini akuluakulu nawo sali pabwino monga kale. Kampani ya Carstens, imene inkasindikiza Railroad Model Craftsman, inatseka mu 2014, magaziniyo n'kutengedwa ndi White River Productions. Mu 2024 kampani ya Kalmbach inagulitsa Model Railroader kwa Firecrown Media. Pa intaneti pali Model Railroad Hobbyist, imene inayamba mu 2009, ndiponso mavidiyo osawerengeka pa YouTube. Pa intaneti masamba satha, choncho mkangano wolimbirana malo umachepa. Komanso makina osindikiza zinthu a 3D achititsa kuti munthu ajambule thupi la bogi pa kompyuta kamodzi n'kulitulutsa pa sikelo iliyonse, popanda chikombole chodula chija.

Kuno kwathu zovuta n'zina. Kuitanitsa katundu kunja kumafuna ndalama zakunja zimene zikusowa, magetsi amazimazima, ndipo kutentha kwa Okutobala m'nyumba ya malata kumapinda pulasitiki yopyapyala. Ine ndi mnyamata uja tinayamba ndi bogi imodzi ya katundu pa 1:64. Mbali zake tinadula pa chitini cha mafuta ophikira, pansi tinaika kathabwa, nthiti za m'mbali tinapanga ndi timitengo ta machesi. Mawilo ndi tinjanji tiwiri ta 16.5 anatibweretsera mnzanga wogwira ntchito ku Johannesburg. Titaiika pa njanjiyo, thupi lake linasefukira mbali zonse ziwiri monga zimachitira zenizeni, ndipo agogo ena amene ankakwera sitima ya ku Makhanga ataiona anaizindikira asanauzidwe. Mnyamatayo anafuna kuti chotsatira chikhale mlatho wa Dona Ana. Tinawerengera: pa 1:64 ungatalike mamita 57, kuposa theka la bwalo la mpira. Tagwirizana zoyamba ndi chigawo chimodzi cha mlatho wa pa Chiromo.

Mafunso amene adakali poyera

Funso loyamba ndi la chilungamo pogawa masamba. Kodi magazini izipereka malo motsata kuchuluka kwa anthu a sikelo iliyonse, kapena izipatula malo owonjezera kwa zazing'ono kuti anthu adziwe kuti ziliko? Ikachita choyamba, zazing'ono zipitirira kuchepa. Ikachita chachiwiri, ambiri amene amalipira angaone kuti akugula nkhani zosawakhudza. Mpaka pano palibe muyeso umene mbali zonse zinagwirizana.

Lachiwiri ndi la chimene chimayamba. Nkhani ya TT ku Britain ikuonetsa kuti kampani yaikulu ikalowa, magazini amatsatira. Koma kodi zingatheke mobwerera, kuti nkhani zabwino zotsatizana m'magazini zikope kampani kuyamba kupanga? Ndipo TT imeneyi idzakhalitsa, kapena idzasiyidwa monga inasiyidwira ya Tri-ang? Zaka zimene zapitapo n'zochepa kuti munthu aweruze.

Lachitatu ndi la intaneti. Malo alipo okwanira aliyense, koma makina amene amasankha zoti munthu aone pa YouTube kapena pa Facebook amakondanso zimene ambiri akuonera kale. Kodi sikelo yaing'ono ikuonekadi kwa anthu atsopano, kapena ikungoonekera eni ake okhaokha monga m'magazini a mabungwe?

Ndipo pali funso lathu la m'chigwa. Mayiko a geji ya Cape agawanika pa njira zitatu zija, Sn3½, 1:87 pa mamilimita 12, ndi 1:120 pa mamilimita 9, kuwonjezapo amene amangoyendetsa pa HO wamba. Ngati achinyamata a ku Nsanje, Chikwawa, Beira kapena Bulawayo atayamba kupanga sitima za kwawo, adzasankha iti, ndipo kodi kugawanikaku sikudzachititsa kuti aliyense akhale wochepa kwambiri moti sangaoneke? Zojambula za miyeso ya mitu ya sitima ndi mabogi akale a Nyasaland Railways ndi Malawi Railways, zimene wopanga amafunikira kuti afananitse, angazipeze kuti, ndipo ndani ayenera kuzisunga? Nanga tikadzamaliza chigawo chathu cha mlatho wa pa Chiromo n'kutumiza zithunzi kwa mkonzi wa ku Devon, kwawo kwa Peco ku England, kapena ku America, adzachiona ngati chinthu chatsopano chokopa owerenga, kapena ngati nkhani ya kutali imene ogula ake sakuifuna? Mnyamata uja wayamba kale kuphunzira kujambula bogi yathu pa foni, ataiika pamchenga kunja m'mawa, pamene kuwala kumakhala kofewa.